Matayala Awiri a Malume Sixten

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 16, ndili pa sukulu, ndipo pakhomo timakhala awiriwiri ndi amayi. Ndilibe mnzanga woti ndingamuuze zimenezi, n'chifukwa chake ndalembera inu.

Amayi amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Tsiku lililonse amayenda pa galimoto yathu yakale m'misewu ya m'nkhalango, kumene galimoto yokankha chipale chofewa imafika mochedwa. Matayala athu a nyengo yozizira atha. Timisomali take togwirira pa ayezi tambiri tinagwa, ndipo nditayeza kuya kwa mizere yake ndi kamtengo ka machesi, yakumbuyo sinakwane mamilimita atatu.

Ndalama ya matayala anayi atsopano palibe. Malume Sixten anabweretsa awiri abwino a timisomali amene anali m'shedi mwawo, n'kuwamanga kutsogolo. Nditafunsa za kumbuyo anaseka. "Tamvani apulofesa! Galimoto iyi imakoka ndi kutsogolo, akumbuyowo amangotsatira ngati ngolo. Ine ndinayamba kuyenda pa ayezi iwe usanabadwe."

Lachiwiri amayi ankandiperekeza kusukulu. Pokhota pa mlatho, kumbuyo kwa galimoto kunaterereka, ndinangoona mtsinje uli patsogolo pathu. Amayi anaiwongola n'kunena kuti, "Gogoyu wayamba kuvina." Ndinaseka nawo, koma manja awo ananjenjemera pa chiwongolero mpaka tinafika.

Chiyambire tsikulo, m'kalasi ndimangoyang'ana foni. Ambulansi ikadutsa ndimamvetsera kumene yalowera. Ndaganizapo zobisa makiyi. Koma amayi akapanda kupita, okalamba aja samwa mankhwala, ndipo ntchito ingathe. Malume ndi okhawo amene amatithandiza, sindifuna kuwakhumudwitsa. Nditani?

E.L., Sorsele

Mwana wanga E.L.,

Maso ako sanakunamize. Malume ako ndi a mtima wabwino, koma apa alakwitsa. Kutsogolo kukaterereka, woyendetsa amamva m'manja n'kuchepetsa liwiro. Kumbuyo sikuchenjeza, galimoto imangozungulira. Matayala abwino akakhala awiri okha, malo awo ndi kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi kutsogolo.

Komabe kungowasinthanitsa sikukwanira, chifukwa akuthawo abwera kutsogolo. Mizere yosakwana mamilimita atatu ndi yoletsedwa pa msewu wa chipale, ndipo pa ayezi buleki sigwira. Pakufunika ena awiri, sabata yomwe ino.

Sikofunika kuti akhale atsopano. Pitani ndi amayi kumagalaja a matayala mukafunse ogwiritsidwapo kale. Akhale a kukula kofanana ndi a malumewo, ndiponso a timisomali, chifukwa a timisomali sasakanizidwa ndi opanda. Mizere ifike mamilimita asanu. Pambali pa tayala pali manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, otsirizawo ndi chaka chimene linapangidwa. Lokalamba kwambiri ulisiye ngakhale likuoneka bwino, mphira wake unauma. Uwerengenso manambala a pa matayala a malumewo. Amayi afunse kuntchito ngati angabwereke galimoto ya kumeneko masiku ochepa.

Malume usalimbane nawo. Uwapemphe akuperekezeni kugalaja, akamve kwa makaniko. Munthu wamkulu amavomera msanga kwa mnzake wa ovololo kusiyana ndi kwa mphwake.

Koma makiyi usabise ayi. Amayi adzabwereka galimoto ya wina yosaizolowera, adzanyamuka mochedwa, adzathamanga, ndipo ukhala wawonjezera ngozi imene ukuiopayo.

Chovuta kwambiri ndi ichi. Pa mlatho paja nonse munaseka, aliyense pofuna kuti mnzake asachite mantha. Lero madzulo mukamadya, usayambe ndi mamilimita. Uwauze kuti, "Amayi, ndinaona manja anu." Kenako ukhale chete, uwasiye ayankhe.

Aphungu