Amayi asainira unzika mobisa, bambo akumanga katundu

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 15, ndimaphunzira pasukulu ya Chirasha kuno ku Klaipėda, m'dziko la Lithuania. Ndilibe mnzanga woti ndingamuuze izi.

Makolo anga ndi Arasha. Adabwera kuno ine ndisanabadwe, bambo atapeza ntchito yowotcherera zitsulo kokonzera sitima zapamadzi. Chichokereni Lithuania m'manja mwa Moscow, bambo asintha. Pepala lopempha unzika akuti sadzasaina. "Zaka makumi awiri ndikuwotcherera sitima zawo, lero ndikagwade kuti andilole kukhala m'nyumba mwanga?" Adakalembetsa kale malo a katundu kusiteshoni kuti tisamukire ku Ryazan, m'dziko la Arasha, kwa akulu awo. Ine ku Ryazan ndidapitako kamodzi ndili wamng'ono, ndimangokumbukira galu.

Kunonso sindinganame kuti zili bwino. Kusukulu amanditcha wogulitsa mtundu chifukwa ndimadziwa Chilithuania. Anyamata a Chilithuania ndikamadutsa pabwalo lawo la mpira amakuwa, "Iwe Ivan, sutikesi wagula? Fulumira, sitima ikusiya!" Dzina langa si Ivan. Akasinja a Moscow atapha anthu kulikulu ku Vilnius mu Januwale, mayi wina pamzere wa buledi adamva kalankhulidwe ka amayi n'kunena kuti, "Mwatiphera ana, buledi wathunso mukumufuna?" Amayi adangochoka pamzerepo.

Sabata yatha ndikufunafuna lumo m'kabokosi ka makina osokera, ndidapeza pepala lachidindo. Amayi adakasainira unzika. Adandipeza nditaligwira. "Waona chiyani? Sudaone kanthu. Varya wagona kumanda akuno, ndimusiyire ndani? Ukawauza bambo ako, wandipha." Varya ndi mlongo wanga, adamwalira ali ndi zaka zinayi.

Dzulo tikumanga mabuku m'makatoni, bambo adati, "Iwe maso akowo saphonya kanthu. Amayi ako Lachiwiri lija m'mawa adali kuti? Kuntchito kwawo kufakitale akuti sadafike." Ndidati sindikudziwa. Iwo adati, "Mwana wanga sanama. Ndikufunsanso Lamlungu."

Sadawamenyepo amayi, koma mwezi watha adaphwanyira wailesi kukhoma chifukwa inkawerenga nkhani m'Chilithuania. Ndikanena zoona ndapereka amayi. Ndikanama ndipo n'kudzadziwika, bambo sadzandiyang'ananso. Komanso palibe amene wandifunsa komwe ine ndikufuna kukhala. Nditani Lamlungu?

A.G., Klaipėda

A.G.,

Usadikire Lamlungu. Lero lomwe, khala pansi ndi amayi ako uwauze kuti bambo adakufunsa ndipo akufunsanso. Uwauzenso mwaulemu kuti suwaulula, koma sunamanso. Adasaina ndi iwo, oyenera kunena ndi iwo. Mayi wokana kusiya manda a mwana wake ndikumumvetsa, koma adalakwa kukusenzetsa chinsinsi cha m'banja lawo. Bambo akonso akulakwa kukusandutsa kazitape.

Za wailesi ija sindikuzitenga mopepuka. Amayi asawauze bambo ako ali awiriwiri. Aitane munthu amene bambo ako amamulemekeza, kaya mnzawo wakale wakuntchito, kaya wansembe, ndipo nkhaniyi ikambidwe masana. Iwe udziwiretu chitseko cha mnansi chomwe ungakagogode zinthu zikavuta.

Lamlungu likafika amayi asadanene, yankho lako likhale lalifupi: "Bambo, zimenezo funsani amayi." Adzakwiya, ndipo adzadziwa kuti pali nkhani. Koma udzakhala usadaname, usadaperekenso munthu.

Sindikulonjeza kuti zitha bwino. Makalata ngati ako ndikulandira ambiri chaka chino, ndipo mabanja ena atha ndithu, mwamuna wakwera sitima, mkazi watsala. Ukali wa bambo akowo ndi mantha. Munthu wadzuka m'mawa n'kupeza dziko lomwe adaligwirira ntchito kulibenso. Nawonso amene adaika maliro mu Januwale akulira zenizeni, ngakhale mayi wapamzere uja adalakwa kuthira mlandu amayi ako. Sikuti iwe uyenera kulipira zonsezi.

Chinanso, nthawi yolembetsa unzika ikutha kumayambiriro kwa Novembala. Pita ndi amayi ku ofesi komwe adasaina, mukafunse kuti mwana wa msinkhu wako amagwera kuti makolo akasankha zosiyana. Ukafunse wekha, Chilithuania ukuchidziwa. Osadalira zomva kwa anansi pamasitepe a nyumba.

Wati palibe wakufunsa komwe ukufuna kukhala. Mwina sakufunsa n'komwe, choncho uyambe ndiwe. Ngati sudadziwebe, auze zomwezo: "Sindikudziwa, koma musandimange ngati katoni." Upezenso munthu wamkulu mmodzi kusukulu, mphunzitsi amene umamukhulupirira, wodziwa zomwe zikuchitika kwanu. Mwana wa zaka 15 sangamalimbane ndi izi yekha.

Chenjezo langa ndi ili. Bambo ako akayamba kukuwa kapena kuponya zinthu, usaime pakati pawo, tuluka ukaitane anthu. Ndipo tsiku lomwe adzakuuze kuti sankha, usasankhe dziko pofuna kupukuta misozi ya amayi kapena kuziziritsa mtima wa bambo. Ukatero, amene wamutsatirayo udzamuda.

Aphungu