Timu ya Madalitso Yasiyidwa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine kuno ku Middlesbrough ndilipo, bondo lokha likuvuta ndi kuziziraku.

Lamlungu mwana wanga Madalitso anaimba foni kuchokera ku Amereka. Timu ya koleji yawo, ya mpira wachimereka wonyamula m'manja uja, yapambana masewero onse chaka chino, koma sikasewera fainolo. Akuti matimu awiri olimbirana chikho amasankhidwa ndi mavoti komanso makompyuta.

Ndinati, "Osangowasiya akumane pabwalo bwanji?"

Iye anati, "Amayi, tikadandaula kwa yani?"

Inenso mapepala anga okhalira kuno akadali m'manja mwa anthu osawadziwa, moti kupita kukamutonthoza sindingathe.

Chonde mumulembereko. Mwina inu amalume ake muli nawo mawu, ine andithera. Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Esnati