Amayi, Msilikali Wanu Amusudzula

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine Esinati. Ndikhulupirira kuti chifuwa chija chinakulekani, poti munachisiya kuno pamodzi ndi ife.

Ndiyambe ndi zabwino, n'zochepa sizichedwa. Mdzukulu wanu Mele wachira, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Chimanga chamasula ngaiyaye, koma cha kumtunda chachita chikasu chifukwa feteleza wa kuponi chaka chino tinagawana thumba limodzi mabanja awiri. Fodya tayamba kuthyola. Mbuzi yanu yamawanga musaifunse, inapita ndi maliro anu.

Tsopano za Bambo. Paja munkakonda kunena kuti, "Bambo anuwa ku nkhondo ya azungu anabwerako, koma mutu anauiwala m'sitima." Ife tinkaseka. Mvula ikayamba kugunda munkatithamangitsira kukhitchini n'kutseka chitseko cha nyumba muli awiri ndi Bambo, ife n'kumayesa kuti n'zachikondi. Mvula yoyamba chimwalirireni inu ndinawapeza pansi pa bedi atadzikodzera, nkhalamba yonse ija, akulamula m'Chiswahili anthu oti ine sindimawaona. Ana a m'mudzi sanachedwe kuzitulukira. Ankabisala kuseri kwa chigafa n'kumenya chidebe kuti aone agogo akudzigwetsa m'matope, akuluakulu n'kumaseka nawo. Kuseka kutawakwana anayamba manong'onong'o: munthu woti anapha anthu ku nkhondo ya ku Bama angalephere bwanji kudya mkazi wake?

Chilonda cha pamwendo chija, chimene munkatsuka ndi madzi amchere, chinanyeka mpaka kuyamba fungo. A Mwale, alangizi a zaumoyo, ndi amene anawakweza pa njinga yawo kupita nawo kuchipatala, ndipo anawagoneka. Tsiku lina masana ndili kukaphika phala kunja, kunagwa mvula ya matalala pa malata. Bambo anazula diripi n'kuyamba kukwawa. Mlonda anawagwira chakumbuyo, iwo anamuluma. Pobwera ndinawapeza atawamangirira kubedi ndi mabandeji, manja ndi miyendo, ngati mbuzi ya pamsika.

Amene anawamasula ndi namwino wamkulu, mayi wina wa kumpoto wosalankhulalankhula. Atatha ananditengera pakhonde n'kundifunsa, "Zikatere mayi anu ankawatani? Tiuzeni, nafe tizichita zomwezo."

Amayi, ine sindinkadziwa. Zaka zonse zija inu munkadziwa choti muchite kuseri kwa chitseko chija, ndipo munapita nacho kumanda. Ndakwiya nanu, ndinene poyera. Munandiphunzitsa kusoka fodya, kufulula thobwa, ngakhale kusambitsa maliro, koma chinthu chimodzi chimene chikanawapulumutsa amuna anu munachibisa ngati chamanyazi. Munkateteza ulemu wawo, ndikudziwa. Ulemuwo bwerani mudzauone lero.

Namwinoyo anayesetsa ndithu. Anasunthira bedi lawo pakona, kutali ndi windo. Anauza anzake onse kuti asamawadzere kumbuyo, aziyamba alankhula asanawagwire, ndipo aziwaitana kuti a Kopolo, udindo wawo wa ku usilikali. Mukanaona! Akangomva a Kopolo ankawongola msana n'kupereka mwendo okha, osadandaula ngakhale mankhwala akulowa pachilonda. Mayiyo anafunsanso za nyumba zija amasungirako asilikali okalamba. Yankho linabwera loti malo ndi odzaza, tidikire wina atsogole.

Titatuluka m'chipatala tinapeza m'nyumba mwanu muli fodya lendelende mpaka kuchipinda. Achimwene anu, amalume Lingisoni, anali atachita kale mwambo wosudzula, mwiniwake ali pa diripi. Mwambowo ndimaudziwa: mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Koma ndi liti pamene tinaona akusudzula nkhalamba yoti inabereka pano, kulera pano, kuika apongozi ake onse pano? Ndinalankhula mpaka mawu anandithera. Ndinati azikhala m'nyumba mwanga. Amalume anangoti, "Nyumba yakoyo ili pa dothi la yani? Mlamuyu tamumasula, anthu akumuopa. Iwe ngati ukumufuna, mutsatire."

Kwawo kwa Bambo ku Kapelula abale awo onse anatha kalekale, inunso mukudziwa. Amalume anachita kufufuza mpaka anapeza mdzukulu wa malemu achemwali awo, munthu woti sanawaonepo chibadwire, n'kumuuza kuti nkhalambayi imalandira ndalama za boma. Dzulo mdzukuluyo anabwera pa lole yonyamula mapaso a zigafa. Atamva zoona zake, zoti Bambo salandira kalikonse, nkhope inagwa, koma lole inali itafika kale.

Ndinawaveka jekete lawo la mamendulo lija, poti lina labwino alibe. Atangoona lole, Bambo anataya ndodo. Anaimirira chilili pa mwendo wa chilonda womwewo n'kuwamenyera saluti amalume. Amalume anaseka mpaka kugwira nthiti, anyamata n'kuombera m'manja. Bambo sanaseke. Iwo ankayesa kuti awaitananso ku nkhondo. Atawakweza pamwamba pa mapaso anandiyang'ana, osandizindikira, n'kunena motsitsa mawu: "Mayi, mukamuona Naphiri mumuuze kuti anditenganso. Sindinathe kumutsanzika. Andidikire."

Ndiye ndakuuzani, Amayi. Awatenganso. Muwadikire.

Ine mawa ndikulawirira ulendo wa ku Kapelula. Fodya wanga athyole amalume, munda atengenso ngati akuufuna. Ndimakukondani, ngakhale ndili wokwiya. Ndikulonjeza kuti Bambo sindiwasiya m'manja mwa alendo, ndikhala nawo mpaka tsiku limene ndidzawapereke m'manja mwanu.

Ndine mwana wanu,
Esinati