TV ya Amayi Ili pa Khoma la Collins

Luangwa, Kitwe
18 Malichi

Akulu anga aZelipa,

Muli bwanji kumudziko, inu ndi alamu? Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika ngakhale pakhonde? Kuno tilipo, kungoti mwana wanu Chichi anadwala malungo sabata yatha, koma wabwerera kusukulu. Mvula nayo yakumba msewu wathu, moti maminibasi akutitsitsira kumsika, kwinako ndi wapansi.

Ndalemba papepala dala, chifukwa pafoni ndikanakuwa mpaka amayi akanamva. Mtima wanga ukuwira, ndipo wandiwiritsa ndi mlongo wathu Collins.

Mukukumbukira zimene amayi ananena pa Khirisimasi, kuti chimawapweteka kuposa miyendo nchoti zaka zitatu zatha osaona Misa. Pawailesi amamva, koma akufuna kuona ndi maso wansembe akukweza chikho. Ife akuno tinasonkherana kuti tiwagulire TV Pasaka isanafike, ndipo ndalama anasunga Collins poti ndiye ali ndi galimoto.

Ndinamuuza katatu konse kuti tikufuna yaing'ono, mwa zopyapyala zija za LCD, yokhala ndi kabowo kumbuyo kolumikizira batire. Kwathuko magetsi ake ndi sola imodzi padenga basi. Iye ankangogwedeza mutu, maso ali pafoni.

Loweruka tinapita limodzi m'tauni. Wogulitsa, bambo wachiBemba waulemu wake, anatitulutsira ya mainchesi 19, nkuitembenuza kutionetsa kabowo kaja. Collins sanaicheukire nkomwe. Anali ataima kukamwa yasa kutsogolo kwa chiTV cha mainchesi 55, chomwe chinkaonetsa mpira. Akuti maso a amayi ndi ofooka, akufunika chithunzi chachikulu. Akutinso anthu akumudzi adzatiseka, ana a munthu wa kumigodi kutumiza kanthu konga thireyi.

Bamboyo anamulangiza bwinobwino kuti chimenecho pa batire ya sola sichingamalize ngakhale nyimbo yolowera. Mlongo wanuyo anayankha kuti iye amagwira kumgodi, za magetsi sangaphunzitsidwe ndi munthu wa m'sitolo. Chonsecho ntchito yake ndi yolemba mayina pageti! Ine manyazi anandigwira, ndinachita kumupepesera bamboyo. Tinatuluka osagula, titapangana kuti tidzabwerenso Lolemba mitu itazizira.

Lamulungu nditachoka ku Misa ndinadzera kwa Collins ku Riverside. Akulu anga, ndinangoti pakhomo, chiTV chija ndi icho pakhoma, ataboola kale ndi kukhoma zitsulo! Anzake asanu ali tambalale pamipando, mpira uli mkati. Mlamu wathu Rebecca anandilandira akumwetulira, akuti akuwasungira amayi mpaka magetsi adzafike kumudzi, poti TV ikakhalitsa m'katoni imagwira chinyezi. Katoni yakeyo ana anali ataing'amba kale, akuseweretsa panja, ndiye kubweza kusitolo nkosatheka.

Magetsi ati? Mapolo aja anaima pasukulu atate akadali moyo, mpaka lero sanasunthe. Ndinamufunsa Collins pamaso pa anzakewo ngati wapangananso ndi Mulungu kuti amayi, azaka 81, adikire mapolo. Iye akuti ndilibe ulemu, ndikumunyozetsa kwa alendo. Ulemu! Tiyi amene anandipatsa ndinamusiya patebulo, ndinayenda wapansi mpaka pasiteshoni ndikulankhula ndekha ngati wamisala.

Chimene chikundipweteka kwambiri nchoti sanalakwitse mosadziwa ayi. Nyumba ya amayi ija anakuliramo, soketi mulibe, akudziwa. Anasankha TV ya khoma lake, dzina la amayi nkungoliika pamwamba.

Sindikhala pansi kudikira kuti achite manyazi, Pasaka yatsala masabata atatu. Ndakambirana ndi bambo a Chichi, ndipo dzulo tatsitsa yathu, yaing'ono ija tinagula magetsi atayamba kuzimazima kuno. Imayaka ndi batire, dikoda yakenso chimodzimodzi, ndipo tchanelo cha Misa chimagwira bwino. Dishi tamasulanso. Chichi analira mpaka kukana chakudya, koma ndamuuza kuti makatuni azikaonera kwa aneba.

Katunduyu akubwera ndi aRosemary a mumphakati mwathu kutchalitchi, amene akupita kwawo ku Katete, kufupi ndi kwanuko, Lachinayi. Kalata ino anyamulanso iwowo.

Pempho langa ndi ili. TV-yo ili ndi kachipsera pangodya, rimoti yake ndi yomanga ndi tepi. Ndaipukuta nkuikulunga m'bulangeti latsopano, koma amayi maso awo pa zotere ndi akuthwa. Akafunsa, muwauze kuti yakhuzika m'basi, ndiponso kuti yachokera kwa ana awo onse. Za ku Riverside asamve. Mukudziwa mmene amanyadira chitsiriza wawo, tsiku lililonse amamutchula pa korona. Sindikufuna kuti Misa yoyamba kuiona aione ndi mtima wosweka. Mlandu wa Collins ndi wa ine ndi inu, tidzaukamba nkhope kuonana.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo apeze msanga munthu wodziwa kulozetsa dishi. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndikuwapempherera, bambo a Chichi ndi Chichi akuwalonjera. Collins sanandipatse moni woti ndipereke, koma kwa amayi mupereke wakenso.

Ndine mng'ono wanu,
Harriet