Giya Yachiwiri pa Mtsetse wa ku Debark

Okondedwa achimwene Wondwosen,

Ndikhulupirira muli bwino ku Djibouti kotenthako. Kuno ku Debark chisanu chafika msanga, koma barele tinakolola asanapse nacho.

Pikapu munatisiyira ija ikuyendabe. Madzulo timaiimika pamtsetse wa kutchalitchi, itayang'ana kumunsi, batire n'kukagona m'nyumba itafunda bulangete la amayi. M'mawa ndimaika mbaula ya makala pansi pa injini kuti oilo asungunuke, kenako ndimaitsetsereza m'giya yachiwiri mpaka italira.

Mudabwa kuti zamagiya ndazidziwira kuti. Akundiphunzitsa ndi ababa. Amakhala pambali panga n'kumati, "Iwe Yeshi, klachiyo si njoka yoti uziithawa, chotsa phazi pang'onopang'ono." Kwa anansi amanena kuti angofuna ndiphunzire. Koma chigwereni pakhomo mwezi watha, mwendo wawo wamanzere sukupondanso klachi, ndipo dzanja la mbali yomweyo limangokhala m'thumba. Anandiletsa kukuuzani, choncho sindinakuuzeni kanthu.

Amayi akupereka moni. Akuti mukamabwera pa Khirisimasi mudzatengeko fyuluta ya dizilo. Ine ndikuti bwerani nayo Khirisimasiyo isanafike.

Ndine mlongo wanu,
Yeshimebet