Mipeni ya Achimwene Anu

Mayi a ana,

Paja ndinakuuzani kuti mpeni umene ndaupaka phula ine, dzimbiri limangoupatsa moni patali, eti? Mawu amenewo musawabwereze kwa munthu lero.

Achimwene anu a kubutchala akubwera masana kudzatenga mipeni isanu ija anandisungitsa. Muwapatse mpando wabwino, muwayambitse nkhani ya mpira, sangaimalize msanga. Akafunsa mipeni, muziti ndakawanolera mwa ulemu chabe. Pepani, tiyi wanga mumwe ndinu, ndathamangira kwa wonola kumsika.

M'mawa uno ndinapala phula pang'ono pa mipeniyo kuti ndidzitame nako kuwala kwake. Kani ndinaipaka isanaume! Pansi pa phulalo yonse yafiira ngati malata akale. Dzimbirilo ndinachita kulifunditsa ndekha, mwezi wathunthu.

Katswiri wanu uja