Mizere Isanu ya Chinangwa

Okondedwa achemwali a Lettie,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Ntcheu. Miyendo ija inasiya kutupa? Ife kuno ku Chintheche tili bwino, Mulungu akutisunga.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Uthenga munanditumizira pafoni uja, wa bambo wonena kuti kuli nyenyezi yaikulu yosaoneka imene ikukoka dziko, ndikudziwa kuti munautumiza chifukwa chondikonda. Kungoti unandipeza pa nthawi yoipa. Dzulo lake kunali kutachita chivomezi ndili m'kalasi, malata akulira, ana anga a Sitandade 4 akutulukira pawindo. Ndiye kumva kuti pa 14 Febuluwale kubwera china chogwetsa mapiri, mutu unangoima.

Tsono imvani uchitsiru wa mng'ono wanu. Ndinaganiza ngati mwana wa kwathu kwa chimanga: kolola zonse, thira m'matumba, thawira kumtunda. Loweruka m'mawa ndinalowa ndi khasu m'munda wa chinangwa umene amuna anga, bambo a Fiskani, anatisiyira popita ku Joni, chakudya chathu cha chaka chonse. Ndinkafuna kuzula wonse.

Ndili pa mzere wachisanu, anatulukira apongozi anga aamuna, a Weston, akuchokera kunyanja, nkhafi ili paphewa. Sanakalipe. Anangondifunsa kuti chinangwa chonsecho ndichiviika m'mbiya ziti, ndipo ndichiyanika pa dzuwa liti mvula ili chonchi. Anati kuno nkhokwe ndi nthaka yomweyo, amakumba cha sabata imodzi basi. Chozulidwa, pakatha masiku atatu chimada n'kuyamba kuola.

Ndinawatsegulira uthenga uja. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti ngati nyenyeziyo siioneka, bamboyo anaiona ndi maso ati. Anati chinthu chokhoza kugwetsa phiri chingalephere bwanji kusuntha bwato lawo, kapena kukweza madzi a m'nyanja ngakhale chala chimodzi? Akuti kuno kumagwedezeka chiyambire nthawi ya agogo awo, chifukwa nyanjayi inakhala pamng'alu wa nthaka. Achemwali, zimenezi ine ndinaziphunzira ku koleji, ndinakhoza nazo mayeso! Manyazi anandigwira.

Amayi odutsa ataona mulu wa chinangwa chosakhwima anayamba kuseka, akufunsa ngati aphunzitsi apenga. Apongozi anawayankha kuti anandituma ndi iwowo, akufuna kugawira asodzi anzawo. Tangoganizani, mkulu wa mpingo wathunthu kunama chifukwa cha ine. Tinagawadi chinangwacho, ndipo madzulo anandithandiza kudula mitengo yake n'kubzalanso mizere isanu ija.

Tsiku lija linafika, linapita. Chinagwa pakhomo pano ndi papaya limodzi.

Munda watsala, ana adya kondowole, nsima ya chinangwa, mpaka chaka chamawa. Ndinapita kukagwada pakhomo pa apongozi kuti ndinene yewu ukongwa, monga amathokozera kuno, koma inatuluka ndi misozi. Chimwalirireni bambo athu sindinamvepo munthu akunditcha mwana wake ngati mmene apongoziwo ananditchulira tsiku limenelo.

Pempho langa ndi ili: mukalandira wina wotere, musanditumizire, ndipo chonde usafike kwa amayi ndi mtima wawo uja. Muzinditumizira zithunzi za ana.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, ndi onse a pakhomo. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Bessie